Mwana Akaphonya Chigoli: Mbiri ya Kusula Mtima wa Woseŵera

Nkhani yathu lero ikukhudza kanthaŵi kochepa zedi, kongokwanira kuphethira kaŵiri, koma kamene kamafika pabwalo lililonse la sukulu pamene pali mpira. Mtsikana wa Sitandade 6 walandira mpira pansi pa golo wa ntchemberembaye. Anzake, makolo, amayi ogulitsa zitumbuwa ndi anyamata amene akwera mumtengo wa mango onse angoti zii. Waponya, mpira wagunda chitsulo, wagwera kunja. Mtsikanayo satsatira mpira kumene wapita ayi. Amatembenuka nayang'ana aphunzitsi ake. Zimene aphunzitsiwo anganene kapena kuchita pa kanthaŵi kameneko zili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo yakwana zaka 100.

Anthu amene anafufuza kanthaŵi kameneka mwakhama sanali a mpira wa miyendo kapena wa manja. Anali a maseŵera a ku America otchedwa baseball, pamodzi ndi mng'ono wake softball, amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso. Ndiyambe ndawafotokoza mwachidule. Pamakhala matimu aŵiri, anthu asanu ndi anayi mbali iliyonse. Wina amaponya mwaliŵiro kampira kolimba, kakukula ngati lalanje, ndipo wa timu inayo amaima yekha ndi chibonga kuti akamenye. Akakamenya amathamanga kuzungulira malo anayi oikika pabwalo, ndipo akafika pamene anayambira, timu yake yapeza chigoli. Akaphonya katatu watuluka, ndipo amayenda kubwerera kubenchi maso a khamu lonse ali pamsana pake. Softball ndi yomweyo, kungoti mpira wake ndi wokulirapo, bwalo ndi locheperapo, ndipo woponya amaponyera m'munsi. Inayambira mumzinda wa Chicago mu 1887.

Tsono maseŵera ameneŵa ali ndi nkhanza yake. Katswiri weniweni, wolandira ndalama zambiri, akaima ndi chibonga kakhumi zimamuyendera katatu kokha. Kasanu ndi kaŵiri amabwerera chimanjamanja. Mu 1941 Ted Williams wa timu ya Boston Red Sox zinamuyendera kanayi pa khumi paliponse chaka chonse, ndipo chichokere pamenepo palibenso wina amene anafikapo m'maligi aŵiri akuluakulu a American League ndi National League. Ndiye kuti mwana wophunzira maseŵeraŵa ayenera kuphunzira kulephera kambirimbiri pamaso pa anthu, nabweranso kudzaima pamalo omwewo. Nchifukwa chake funso la mtima wa woseŵera linabuka msanga kumeneko.

Munthu woyamba amene mbiri imamkumbukira ndi Coleman Griffith, mphunzitsi wa za kaganizidwe ka munthu pa sukulu ya ukachenjede ya Illinois. Mu 1925 anatsegula nyumba yofufuziramo za oseŵera, yoyamba ya mtundu wake m'dziko la America, ndipo mu 1926 anatulutsa buku lakuti Psychology of Coaching, lolangiza aphunzitsi a matimu. Nyumbayo inatsekedwa mu 1932 chuma cha dziko chitaloŵa pansi. Patapita zaka zingapo, mwini timu ya Chicago Cubs, Philip Wrigley, yemwe uja wa fakitale ya chingamu, anamuitana kuti adzathandize timu yake. Kumayambiriro kwa 1938 Griffith anafika pa chilumba cha Santa Catalina, kumene timuyo inkakonzekera, atanyamula makina ojambulira kanema ndi zida zoyezera changu cha oseŵera. Mfundo yake yaikulu inali yakuti zokonzekera zizifanana ndi maseŵera enieni, kuti woseŵera asamangoponyerana mpira ndi mnzake mwaulesi maganizo ali kwina, kenaka nkudzidzimuka tsiku la mpikisano.

Koma mphunzitsi wa timuyo, Charlie Grimm, sanafune kumva. Kwa iye munthu wa mabuku analibe choti nkuuza akatswiri, ndipo analetsa anyamata ake kugwirizana naye. Grimm anachotsedwa ntchito pakati pa chaka, naloŵa m'malo mwake Gabby Hartnett, amenenso malangizowo sanawasamale. Choipira Griffith, timuyo inatenga ligi chaka chomwecho popanda kutsata zonena zake, ndipo onyoza anapeza pokhomera msomali. Malipoti ake anathera m'kabati, ntchitoyo inatha mu 1940, ndipo iye anabwerera kusukulu kumene anachokera. Anamwalira mu 1966 maganizo ake asanalandiridwe ndi eni mpira. Ine ndimaona kuti Griffith anaona zoona, koma anayambira pa mitengo yokhwima kale. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba.

Pa nthaŵi yomweyo, m'tauni yaing'ono ya Williamsport m'chigawo cha Pennsylvania, munali kalaliki wamba dzina lake Carl Stotz. Analibe mwana wamwamuna, koma ankakonda kuseŵera mpira kuseri kwa nyumba ndi aphwake aŵiri, ana a mlongo wake. Kwathu kuno tikanati anali mtsibweni wawo, ndipo anachitadi zautsibweni. Anaona kuti bwalo la akulu limamiza mwana: mtunda wothamanga ndi wautali, chibonga ndi cholemera, ndipo anyamata okulirapo amalanda malo. Mu 1938 anasonkhanitsa ana a m'deralo nayamba kuyeza, kusendeza malo othamangirako pang'onopang'ono, kufikira anapeza kuti mwana wa zaka 12 amayenera mapazi 60 pamene wamkulu amathamanga mapazi 90. Anayenda m'makampani oposa 50 kupempha thandizo akumkana, mpaka anapeza atatu amene anapereka madola 30 iliyonse ogulira mayunifolomu ndi zida. Pa 6 June 1939 matimu aŵiri mwa atatuwo, Lundy Lumber ndi Lycoming Dairy, anaseŵera mpira woyamba wa bungwe limene linatchedwa Little League, ndipo unatha 23 kwa 8.

Stotz sanaphunzire za kaganizidwe ka munthu, komabe ntchito yoyamba yosula mtima wa mwana anaigwira ndiye: anadula maseŵera kuti alingane ndi msinkhu wa mwanayo. Apa ndiime pang'ono, chifukwa ana athu nzeru imeneyi ali nayo kale. Mukapita pamchenga ku Sani kapena kudooko lililonse madzulo, mupeza anyamata akukankha chikulunga, golo ataika ndi timitengo tiŵiri kapena nkhwaira, kukula kwake kolingana ndi goloboyi wawo. Koma likafika tsiku la mpikisano wa sukulu, ife akulu timatenga kamnyamata ka Sitandade 5 nkukaimika pagolo wa mapazi 24 m'lifupi ndi mapazi 8 m'mwamba, golo wa anthu a ndevu, ndipo kakamwetsa zigoli zisanu timakatcha dengu lobooka.

Bungwe la Stotz linakula mofulumira kuposa mmene mwini wake anafunira. Mu 1947 kunayamba mpikisano waukulu wa ku Williamsport, mu 1953 unayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema, ndipo ndalama, makampani ndi makolo ofuna ulemu analoŵerera. Stotz anadandaula kuti maseŵera a ana asanduka malonda a akulu, nkhani inafika kukhoti, ndipo mu 1956 anapatukana ndi bungwe limene analiyambitsa yekha, osabwereramonso kufikira imfa yake mu 1992. Atsikana ankaletsedwa. Mu 1972 Maria Pepe, wa zaka 12, wa mumzinda wa Hoboken, anaseŵera katatu kokha m'timu ya anyamata nachotsedwa. Mlandu wake ndiwo unachititsa kuti mu 1974 malamulo asinthe, ndipo chaka chomwecho bungwelo linayambitsa softball ya atsikana. Nalo bodza la zaka silinachedwe: mu 2001 timu ya ku Bronx mumzinda wa New York inafufutidwa m'mabuku a mpikisano zitadziŵika kuti woponya wake wodalirika anali ndi zaka 14, osati 12. Amene munaonapo mnyamata wometa ndevu m'maŵa akuseŵera mpira wa pulaimale masana mukudziŵa kuti nthendayi si ya ku America kokha.

Pofika zaka za m'ma 1970 anthu anali atayamba kufunsa ngati mipikisano yotereyi ikumanga ana kapena kuwaphwanya. Mu 1979 ofufuza aŵiri, Julie Simon ndi Rainer Martens, anafalitsa zimene anapeza atayeza mantha a anyamata oposa 700, a zaka 9 mpaka 14, atatsala pang'ono kuyamba zochitika zosiyanasiyana: mayeso a m'kalasi, mpira wa matimu, kulimbana kogwetsana, kusambira, ndi kuimba zida za bandi. Mantha aakulu koposa sanapezeke pa mpira uliwonse ayi, koma pa mwana woimba chida cha bandi yekha pamaso pa anthu. Pakati pa maseŵera, ochita munthu payekha ndiwo anaposa a gulu. Tanthauzo lake nlakuti chimene mwana amaopa si mpira, si kutopa, si kugwa, koma kuima yekha anthu akumuyeza. Womenya ndi chibonga amaima yekha. Chimodzimodzi woponya pagolo wa ntchemberembaye, womenya penate, ndi mwana amene waitanidwa kubolodi kukachita samu.

Kafukufuku amene anasintha zinthu kwenikweni anachitika mumzinda wa Seattle, ndipo anamchita ndi Ronald Smith ndi Frank Smoll a sukulu ya ukachenjede ya Washington. Iwo sanayambe ndi kulangiza munthu monga anachitira Griffith. Anayamba ndi kukhala pansi nkuyang'ana, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Anaphunzitsa anthu oti azikhala pambali pa bwalo ndi pepala, nkumalemba chilichonse chimene mphunzitsi wa timu wachita, m'magulu 12: mwana akachita bwino, kodi wamyamikira kapena wangokhala chete, mwana akalakwitsa, kodi wamlimbikitsa, wamuonetsa kachitidwe koyenera, wamkalipira, wamuonetsa mokalipa, kapena wangomnyalanyaza, ndi zina zotero. Anatsatira aphunzitsi 51 a Little League pa maseŵera oposa 200, ndipo nyengo ya mpira itatha anayendera ana 542 m'makomo mwawo, kutali ndi maso a aphunzitsiwo, nawafunsa mmene anaonera chakacho.

Zimene anapeza zinadabwitsa ambiri. Choyamba, kuchuluka kwa maseŵera amene timu inapambana sikunali ndi mphamvu yeniyeni pa chikondi cha ana kwa mphunzitsi wawo. Ana a matimu ogonja, amene mphunzitsi wawo ankalimbikitsa ndi kuonetsa kachitidwe, ankamkonda mphunzitsiyo, ankakondana okhaokha, ndipo ankafuna kudzaseŵeranso. Chinanso, mau okalipa anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi zonse zimene aphunzitsi ankachita, koma ndiwo ankakhala m'mitima ya ana. Kadontho ka ndulu kamaŵaŵitsa mphika wonse wa chambo. Ana odzikayikira, aja amene amabwera kubwalo ali kale ndi mtima wakuti ine sinditha kanthu, ndiwo ankapindula koposa ndi mphunzitsi wabwino, ndiponso ndiwo ankavulala koposa ndi wokalipa. Koma mfundo imene imandigwira mtima ine ndi iyi: aphunzitsi atafunsidwa kuti afotokoze khalidwe lawo pabwalo, mayankho awo sanagwirizane kwenikweni ndi zimene zinalembedwa papepala, pamene mayankho a ana anayandikira choonadi. Mphunzitsi ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti amayamikira ana kaŵirikaŵiri, chonsecho pepala likunena zina. Munthu sadziona kumsana.

Atadziŵa zimenezi anakonza maphunziro a maola oŵerengeka okha, osakwana ngakhale tsiku limodzi, nawayesa pa aphunzitsi ena, kusiya ena osaphunzitsidwa kuti pakhale poyerekeza. Zotsatira zake zinatuluka mu 1979. Mfundo zake zinali zapafupi. Yamikirani khama, osati chigoli chokha, popeza khama lili m'manja mwa mwana pamene chigoli chimadaliranso mdani ndi mphepo. Mwana akalakwitsa, mulimbikitseni pomwepo. Ngati pali chomuongola, yambani ndi chimene wachita bwino, kenaka muuzeni choti achite ulendo wotsatira, osati kumfotokozera cholakwa chimene iye mwini wachiona kale. M'chinenero chathu tinganene kuti pali kusiyana pakati pa kukuwa kuti, "Manja ako ngoola kodi? Tuluka!" ndi kunena kuti, "Unaima bwino mwanawe. Ulendo uno pinda maondo pang'ono, dzanja litsatire mpira." Onse aŵiri aona cholakwa chimodzimodzi, koma wachiŵiriyu wapatsa mwana chogwira. Mu 1992 Smith ndi Smoll pamodzi ndi Nancy Barnett anaŵerenga ana amene sanabwererenso kumaseŵera chaka chotsatira. Mwa ana a aphunzitsi osaphunzitsidwa, 26 pa 100 alionse anasiya. Mwa ana a aphunzitsi ophunzitsidwa, anasiya 5 okha pa 100. Matimu a mbali zonse ziŵiri ankapambana ndi kugonja mofanana.

Tsopano tibwere kwathu. Pasukulu zathu zambiri timu imapatsidwa kwa mphunzitsi wachinyamata amene wangofika kumene, chifukwa ndiye ali ndi miyendo yothamangira. Chiyambire 1994, pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere ndipo chiŵerengero cha ana chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi, mphunzitsi wakhala ndi ana ochuluka kuposa amene maso ake angathe kuwasunga. Pambuyo pake maphunziro olimbitsa thupi anaphatikizidwa ndi nyimbo, zojambula ndi zosoka m'phunziro limodzi la Expressive Arts. Ife amene tinadutsa kukoleji ya aphunzitsi tinatulukako tikudziŵa kuyeza bwalo, kuthira laimu kapena phulusa m'mizere, ndi malamulo a woimbira mpira. Za mau onena mwana akaphonya, ambiri timangotengera zimene anatichitira aphunzitsi athu, ndipo iwonso anatengera kwa awo. Umu ndimo mwano umodzi umayendera mibadwo itatu pabwalo limodzi.

Ndikudziŵa kuti ena mwa inu, makamaka makolo anzanga, mukuti, "Izi nza Azungu. Mwana wosadzudzulidwa amakula ndi mwano, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi." Mau ameneŵa ndi oona, ndipo Smith ndi Smoll sanawatsutse. Iwo analangiza kuti malamulo a timu aikidwe poyambirira penipeni, ana atengeko mbali powapanga, ndipo wowaphwanya alandire chilango chodziŵika kale, monga kukhala pabenchi, popanda kumtukwana. Chimene anasiyanitsa ndi kupulupudza ndi kulakwitsa. Mwana wofika mochedwa dala, wotukwana woimbira, womenya mnzake chigongono, wapulupudza, ndipo ayenera kudzudzulidwa. Mwana amene wayesetsa ndi mphamvu zake zonse mpira nkumpulumuka m'manja sanachimwe kanthu. Wangosonyeza pamene luso lake lafika lero. Kumkalipira ameneyo nkumphunzitsa chinthu chimodzi chokha, ndicho kuthaŵa mpira. Mukadzaona mtsikana akubisala kumbuyo kwa womtchinga kuti anzake asampatsire, kapena mnyamata akuŵerama kumanga nsapato nthaŵi yosankha omenya mapenate, mudzadziŵe kuti phunziro limenelo analimva bwino.

Ndipo sindikuvomera kuti nzeruyi ndi yachilendo kunyanja kuno. Msodzi wodziŵa ntchito yake, mwera ukawapeza pakati pa nyanja ali ndi mnyamata wophunzira kupalasa, sayamba kumuŵerengera zolakwa zake pamenepo. Amamuuza mau aŵiri kapena atatu, mbali yopalasira ndi poika maso, chifukwa akudziŵa kuti mnyamata wogwidwa mantha amaumitsa thupi, ndipo thupi louma limagudubuza bwato. Milandu imakambidwa kumtunda, nsima itadyedwa. Alipo ena amene amaphunzitsa ndi nkhafi pamsana, sindikukana, koma funsani padooko kuti anyamata amalimbirana kukwera bwato la yani. Onaninso pabawo, maseŵera ofanana ndi bao wa ku Zanzibar, zimene sizodabwitsa m'dera limene Jumbe Salim bin Abdallah anakhazikika m'zaka za m'ma 1840. Woseŵera bawo akadyeredwa nkhomo zambiri nthaŵi imodzi, dzanja lake lotsatira limafuna kuŵerenga mabowo modekha monga poyamba. Amene mtima uli pa nkhomo zimene zapita amasokoneza chiŵerengero, nadyeredwanso.

Pali njira ina imene mpira wathu wakhala ukuthetsera mantha, ndipo tisaibise: mankhwala. Tonse tamvapo za matimu okana kuloŵera pachipata nkudumpha mpanda, za zinthu zokwiriridwa pagolo usiku, za madzi owazidwa pa mayunifolomu. Khalidweli latsikira ndi kumatimu a ana, chifukwa ana amatengera akulu. Ine sindiseka anthu ochita zimenezi, pakuti nthenda imene akufuna kuchiza ndi yeniyeni, ndiyo mantha omwe aja a munthu woima yekha. Chimene ndimakana ndi malo amene mankhwalawo amaika kulimba mtima kwa mwana. Amakuika kunja kwa iye, m'kathumba kapena pansi pa golo, kotero kuti adani akangofukula kathumbako, kapena timu ikangomwa chigoli choyamba, mwana amati zathu zasukuluka, ndipo miyendo imafooka mpira usanafike pakati.

Yerekezani ndi zimene ankachita Ken Ravizza, mphunzitsi wa sukulu ya ukachenjede ya California State ku Fullerton, amene anathera moyo wake akuphunzitsa oseŵera baseball ndi softball kudzigwira mtima. Iye ankauza woseŵera kuti akalakwitsa achoke pamalopo phazi limodzi, ayang'ane chinthu chimodzi chimene anasankhiratu, monga nsonga ya mtengo wa mbendera, akoke mpweya kamodzi mozama, nabwerere ndi ganizo la mpira uwu wokha umene ukubwera. Mu 2004 timu ya baseball ya pasukulupo inali itapambana maseŵera 15 nkugonja 16. Ravizza, mundikhululukire omvera, anaika pabenchi kachimbudzi kachidole, ka mtundu uja wogujumula, kuti aliyense wobwerako chimanjamanja azikagujumula, kusonyeza kuti zapitazo zapita. Anyamatawo ankaseka, koma chaka chomwecho anatenga chikho cha sukulu za ukachenjede za dziko lonse. Wina anganene kuti kachidoleko nakonso ndi chithumwa. Kusiyana kwake nkwakuti palibe mwa anyamatawo amene ankakhulupirira kuti mphamvu ili m'kachidolemo. Kanali chikumbutso cha ntchito imene mwini wake ayenera kuchita m'mutu mwake, ndipo kakanatayika ntchitoyo ikanachitikabe. Pa ntchemberembaye lamulo limapatsa wogwira mpira masekondi atatu okha, womtchinga ataima mapazi atatu patsogolo pake, golo ali mapazi khumi m'mwamba. Masekondi atatu ndi okwanira mpweya umodzi, ndipo mpweya umenewo mphunzitsi angathe kuuphunzitsa Lachiŵiri lililonse popanda kugula kanthu.

Dziko lathu linaonapo zipatso za mtima wotere. Pa maseŵera a Commonwealth a 2018 ku Gold Coast m'dziko la Australia, timu yathu ya Queens inayamba ndi kugonja kwa England, kenaka kwa Uganda ndi zigoli ziŵiri zokha. Pa 8 April inakumana ndi New Zealand, imene inatengapo golide wa mpikisanowu kaŵiri, mu 2006 ndi mu 2010. Popita kokapuma pakati pa maseŵera a Queens anali kumbuyo. Pomaliza anapambana 57 kwa 53. Mpira wa manja ulibe chigoli chimodzi chamwayi chimene chingapulumutse timu monga zimachitikira ku mpira wa miyendo. Kuti mubweze ngongole yotere muyenera kuponya molondola kambirimbiri motsatizana, ndipo woseŵera wosenza zolakwa za ndime yapita sangathe. Mwawi Kumwenda, amene anali pansi pa golo tsikulo ndipo anasankhidwa kukhala woseŵera wopambana onse pa mpikisano wa dziko lonse ku Sydney mu 2015, anayambira kumudzi ku Mzimba ndi mpira wa mapepala a pulasitiki. Funso limene limandisautsa nlakuti ndi angati a msinkhu wake, a manja ofanana ndi ake, amene anachoka pabwalo ali ndi zaka 12 chifukwa cha mau amodzi onenedwa pamaso pa anthu, ndipo palibe anawaŵerenga monga anachitira a ku Seattle aja.

Nayo baseball yeniyeniyo inafika mu Africa muno. Ku Uganda ana anaiphunzira pa mabwalo a fumbi, ena opanda nsapato, ndipo mu 2011 timu ya ku Kampala inapambana mpikisano wa chigawo nkuyenera kupita ku Williamsport. Sinapite, chifukwa zikalata zosonyeza zaka za anawo zinali zosagwirizana ndipo anamanidwa chilolezo choloŵera m'dziko la America; zosoŵeka m'mabuku a akulu anazilipira ndi ana. Chaka chotsatira, 2012, timu ya ku Lugazi inakhala yoyamba ya mu Africa kuseŵera pa mpikisanowo, zaka 73 chiyambire mpira woyamba wa Stotz, ndipo itagonja kaŵiri inagonjetsa timu ya ku Oregon 3 kwa 2.

Nanga a Chicago Cubs, amene ananyoza Griffith? Anakhala osatenga chikho chachikulu cha World Series kuyambira 1908. Pambuyo pake anakhazikitsa nthambi yapadera yoona za kaganizidwe ka oseŵera, ndipo mmodzi mwa alangizi ake anali Ken Ravizza yemwe uja. Mu 2016, patapita zaka 108, anatenga chikhocho. Pa 26 April chaka chotsatira anakumana ndi Pittsburgh Pirates, ndipo pakati pa maseŵera a Pirates analoŵetsa mnyamata wa ku South Africa, Gift Ngoepe, munthu woyamba wobadwira mu Africa muno kuseŵera mu ligi yaikuluyo. Anakulira m'kachipinda ka nyumba ya kalabu ya Randburg Mets pafupi ndi Johannesburg, kumene mayi ake ankagwira ntchito yosamalira malowo, ndipo anali atatha zaka zoposa zisanu ndi zitatu m'matimu ang'onoang'ono a ku America akudikira kuitanidwa. Ataima ndi chibonga koyamba, moyang'anana ndi Jon Lester, mmodzi mwa oponya amene anabweretsera Cubs chikho chija, anaumenya mpira nudutsa pakati pa bwalo, ndipo iye anathamanga nafika bwinobwino pamalo oyamba.